Loya akati alowa pa vidiyo sikuti wakuthawani

Achemwali, mwati mchimwene wanu ali pa rimandi, tsiku la mlandu wake lagwera mkati mwa m'bindikiro wa mliri, ndipo loya wakuuzani kuti sapita kukhoti, alowa pa vidiyo. Ndiye mukuopa kuti bamboyo akungokudyerani ndalama. Mtima m'malo kaye, zimenezi n'zomwe zimachitika.

Khoti silitsekeratu chifukwa cha mliri. Chomwe amachita n'kusankhula milandu. Ya munthu amene ali m'chitokosi, pempho la belo, chiletso chofunika msanga, nkhanza za m'banja, kuteteza ana, imeneyi imapitirira chifukwa ufulu kapena moyo wa munthu uli pachiswe. Ya ngongole, ya malire a malo ndi ina yoti ingadikire amaikankhira kutsogolo. Wa mchimwene wanu uli m'gulu loyambalo.

Zinatero m'mayiko ambiri bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse. Khoti lalikulu kwambiri la ku America, lomwe silikonda kusintha kachitidwe kake, linamva milandu pa foni koyamba mu Meyi 2020, majaji akufunsa mafunso mmodzimmodzi. Ku England anaimitsa kuyamba milandu yatsopano yofuna anthu wamba 12 othandiza kugamula, chifukwa sakanawakhazika mothinana m'chipinda chimodzi, ndipo anayambiranso pang'onopang'ono pa 18 Meyi. Ku India khoti lalikulu linatalikitsa nthawi yoperekera madandaulo ndi apilo kuti munthu asaluze mlandu chifukwa chotsekeredwa m'nyumba. Choncho loya wa pa vidiyo, pamaso pa woweruza, wafika ndithu, ndipo kalaliki amamulemba kuti analipo.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa n'china. M'khoti lenileni, mboni ikanena bodza, wozengedwa mlandu amakoka loya wake malaya n'kumunong'oneza kuti "tsiku limenelo ndinali kuntchito". Pa vidiyo kunong'onezana kumeneku kulibe. Munthu amakhala m'kachipinda ka kundende, woyang'anira akaidi ataima pambali, mawu akudukaduka, ndipo ambiri amangogwedeza mutu osamva kanthu. Ku Singapore, mu Meyi 2020, munthu anagamulidwa kuti anyongedwe kudzera pa Zoom, pulogalamu yolankhulirana pa vidiyo, omenyera ufulu wa anthu anadandaula kwambiri. Za loya wa ku Texas, ku America, uja amene mu Febuluwale 2021 anaonekera kwa jaji ali ndi nkhope ya mphaka chifukwa cha kompyuta tonse tinaseka, koma pa mlandu waukulu makina akavuta sizoseketsa.

Ndiye musalimbane ndi loyayo kuti bwanji sakupita. Mufunseni ngati alankhulana ndi mchimwene wanu awiriwiri tsikulo lisanafike, ndiponso ngati adzapemphe woweruza kuti aimitse kaye pang'ono pamene akufunika kukambirana mwachinsinsi. Mumuuzenso aganizire zopempha belo tsopano lino, poti kuthinana m'ndende nthawi ya mliri ndi mfundo yomwe makhoti ambiri anaimvera mu 2020. Ngati intaneti idzaduke pakati pa umboni, loya ayenera kunena pompo kuti zilembedwe, osati kudzadandaula chigamulo chitaperekedwa.

Khoti likalamula kuti anthu abwere pamaso, amalowetsa ochepa: woweruza, kalaliki, womasulira, maloya, wozengedwayo ndi mboni imodzi pa nthawi, onse atavala masiki. Achibale kawirikawiri amatsala panja, ndiye musadabwe akakubwezani pageti. Loya naye ayende ndi chikalata cha khoti chosonyeza tsiku la mlandu, apolisi a pamsewu asamubweze.

Tsiku lomwe munapatsidwalo likadalipo mpaka khoti lenilenilo litanena kuti lasintha. Osadalira mphekesera za anthu. Imbani kwa kalaliki muli ndi nambala ya mlandu m'manja, akakuuzani tsiku lina pemphani akutumizireni molemba.