Nkhokwe zodzaza sizinapulumutse mafumu a Sui

Wowerenga wina watumiza funso pa imelo: kodi boma lakale likatolera msonkho wa mbewu n'kudzaza nkhokwe, ndiye kuti dziko linkakhala pa bata? Ayi ndithu, ndipo umboni wake uli ku China, m'nthawi ya ufumu wa Sui, kuyambira 581 mpaka 618.

Pa kasungidwe, anthuwa anali akatswiri. Banja lililonse linkapereka miyeso itatu ya mawere, yotchedwa shi, chaka chilichonse, ndipo zambiri zinkayenda pa ngalande kupita kufupi ndi mzinda wa Luoyang. Kumeneko ankasunga pansi, ngati nkhuti ya mbatata koma yakuya mamita angapo. Ankakumba pamtunda pouma, n'kusonkha moto m'dzenjemo kuti makoma aume gwaa. Pansi ankathira phulusa, kuyala matabwa, kenako mphasa, mankhusu, mphasa zinanso. Akathira mbewu, pamwamba ankaikanso mphasa ndi mankhusu n'kumata ndi dothi. Mdani wamkulu anali chinyezi: mbewu yolowa isanaume imatentha yokha n'kuchita nkhungu, ndipo dzenje likalowa mpweya anankafumbwe amaswana. Pamene akatswiri ankafukula nkhokwe za Hanjia ku Luoyang, ntchito yomwe inayamba mu 1971, anapeza dzenje limodzi lidakali ndi mawere atada ngati makala, omwe akuti pothiridwa anali pafupifupi matani 250.

Vuto linali pa kutsegula. Mu 585 nduna Zhangsun Ping inalangiza kuti mudzi uliwonse ukhale ndi nkhokwe ya chifundo, anthu azisonkha pokolola kuti adzadye pa njala. Patangotha zaka khumi, akuluakulu a boma anatenga ulamuliro wa nkhokwezi, choperekacho n'kusanduka msonkho wachiwiri. Kwa ine apa m'pamene zinthu zinapotoka, chifukwa mlimi ankaperekabe koma analibenso mawu pa chakudya chake. Chilala chitagwa ku Guanzhong, dera la likulu la dziko, mu 594, akuti Wen, mfumu yoyamba ya Sui, sanalole kugawa za m'nkhokwe za boma.

Mwana wake, Yang, atalowa ufumu anawonjezera moto. Anamanga nkhokwe yaikulu ya Luokou mu 606, uku akuchotsa amuna m'minda kuti akakumbe ngalande ndi kenako kukamenya nkhondo ku Goguryeo, ufumu wa ku Korea. Minda inagonera, njala inakula, oyang'anira nkhokwe ankaopa kutsegula popanda chilolezo. Mu 617 woukira Li Mi analanda Luokou n'kuuza anthu kuti atape okha. Anjala miyandamiyanda anakhamukira kwa iye, ambiri n'kulowa gulu lake lankhondo. Chaka chotsatira Yang anaphedwa ndi asilikali ake omwe mumzinda wa Jiangdu, ndipo ufumu unapita kwa banja lina, la a Tang.