Kodi opaleshoni ingabwezeretse nkhama zanga?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti akamatsuka mano nkhama zimatuluka magazi, mano a kutsogolo a m'munsi ayamba kuoneka aatali, ndipo akamaseka amabisa pakamwa. Dokotala wa mano anawatchulira za opaleshoni. Funso lawo nlakuti: ikachitika, nkhama zibwerera mwakale?

Mayi, pali mavuto awiri pamenepa, ndipo limene likukuvutitsani maganizo ndi lachiwiri, la nkhama zotsika zimene zasiya mizu ya mano poyera. Loyamba ndi chiseyeye. Litsiro likakhalitsa m'mphepete mwa mano limauma gwa, mswachi sungalichotse. Nkhama zimatupa n'kuyamba kusiyana ndi dzino, pakati pake pamakhala kathumba, ndipo fupa logwira dzino limadyeka pang'onopang'ono osamva ululu. Dokotala amayeza kathumbako ndi kachitsulo kopyapyala. Mamilimita 1 mpaka 3 ndi bwinobwino. Kakafika 6 kapena kuposa, mpamene nkhani ya opaleshoni imayamba kumveka.

Ngakhale zitatero, sayambira pa mpeni. Amayamba apala litsirolo mpaka kunsi kwa nkhama, n'kudikira mwezi umodzi ndi theka kapena iwiri, kenako kuyezanso. Ambiri zimathera pomwepo. Munthu akakuuzani za opaleshoni asanakuyezeni, asanapale komanso asanajambule X-ray, ine ndikanakhala inu ndikanakafunsanso kwina, kaya ku chipatala cha mano cha ku Kamuzu Central.

Pamene pakana kuchira ndi pomwe amachita opaleshoni. Amakubayani jakisoni wa dzanzi, simugona ayi. Amang'amba nkhama pang'ono n'kuzifunyulula kuti aone muzu wa dzino, kuuyeretsa, kenako kusoka. Ulusi amachotsa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma dziwiranitu ichi: kutupa kukaphwa, mano amaoneka aatali kuposa kale, ndipo madzi ozizira amatha kukuyayamitsani kwa kanthawi. Opaleshoni imeneyi cholinga chake n'chakuti dzino lisaguluke. Za kukongola sizikhudza.

Opaleshoni yophimba mizu, ya vuto lachiwiri lija, ndi ina. Amadula kanyama kumtunda kwa m'kamwa n'kukasokerera pamene nkhama zatsika. Ambiri amati pamene adulapo mpamene pamawawa kuposa pamene asokapo. Imayenda bwino ngati fupa la pakati pa mano likadalipo, monga kwa anthu amene nkhama zinatsika chifukwa chokhula mwamphamvu ndi mswachi wolimba. Ngati chiseyeye chinadya kale fupalo, muzu suphimbika wonse, ndipo dokotala woona mtima adzakuuzani zimenezi musanalipire.

Ena vuto lawo ndi losiyana: nkhama zimakula n'kuphimba mano. Zikatere amadula zotsalirazo. Koma nthawi zina gwero lake ndi mankhwala, monga amlodipine ndi nifedipine a BP, kapena phenytoin wa khunyu. Musasiye kumwa panokha, kambiranani ndi amene anakulemberani, chifukwa zikadulidwa mankhwala ali omwewo zimatha kumeranso. Za nkhama zakuda musade nazo nkhawa, ndi mtundu wa khungu lathu basi.

Simunanene ngati muli ndi shuga kapena ngati mumasuta fodya. Ziwirizi zimachedwetsa bala kupola ndipo zimabweza chiseyeye msanga. Ngati simunayezetsepo shuga, yezetsani musanabwerere kwa dokotala wa manoyo, ndipo mukafika muwafunse kuti timatumba ta pakati pa nkhama ndi mano tija ndi takuya mamilimita angati, pa mano ati.