Kasitomala amene anasiya kubwera akadali m'kompyuta yanu

Mayi wina amene amapikulitsa sopo ndi mankhwala okolopera ku Ginnery Corner wanditumizira imelo. Akuti ali ndi ma invoisi a zaka zinayi mu QuickBooks, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo maakaunti a bizinesi, ndipo akufunsa ngati ma invoisiwo ali ndi ntchito ina kupatula kuwerengetsera msonkho. Mayi, funso lanuli landikumbutsa bala lomwe silinapole.

Ndinali ndi shopu ya hadiweya ku Limbe. Panali bambo ena a ku Machinjiri, kontrakitala, amene ankatenga simenti ndi malata mwezi ndi mwezi, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, anthu akamathamangira kufolera mvula isanagwe. Sankavuta pa malipiro, kaya pa Mpamba kaya pa cheke. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinali kalikiliki kusintha mitengo m'mawa ndi madzulo, maso ali pa thumba la simenti basi. Bambowo anasiya kubwera, ine osazindikira. Tinadzakumana pamaliro ku Bangwe patatha miyezi isanu ndi iwiri. Titakhala pambali anandiuza mosabisa mawu kuti mnyamata wanga anawakaniza ngongole ya sabata imodzi, tsiku lomwe amisiri ankawadikirira pasaiti matope atakanda kale. Anapita kwina, ndipo kumeneko anawalandira ndi manja awiri.

Usiku womwewo ndinatsegula kompyuta. Zonse zinalimo: zaka zitatu osaphonya kulipira, kenako tsiku lomaliza kugula, kenako zii. Ndikanayang'ana kamodzi kokha mu Januwale, ndikanawaimbira foni.

Chimandiwawa n'chakuti amalonda ambiri mu Blantyre muno lisiti timaliona ngati katundu wa a MRA. Chibwerereni makina odindira malisiti a msonkho otchedwa EFD mu 2014, timadinda lisiti poopa chindapusa, osati pofuna kudziwa amene akutidyetsa. Kumeneku n'kulakwa kwakukulu. Ndipo musalole munthu akunamizeni kuti mukufunika pulogalamu yatsopano yodula. Pulogalamu singakonze zimene wa pakauntala analemba molakwika. Kwanga kasitomala mmodzi ankapezeka kanayi: dzina lake, dzina la kampani yake, dzina la dalaivala amene anatumidwa, ndi "cash". Mawu akuti "cash" amenewa ndiwo anameza theka la mbiri ya shopu yanga. Mzere ukatalika, kapena magetsi akathima n'kuyamba kulemba pamanja, aliyense amasanduka "cash".

Pali china chomwe sindingachisiye. Nambala ya foni imene munthu anakupatsani kuti mumutumizire invoisi si yoti muziiponya m'magulu a WhatsApp, kapena kupatsa mlamu wanu wogulitsa inshuwalansi. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, loteteza zinsinsi za anthu monga manambala awo a foni, ndipo a MACRA ndi amene amaliyang'anira. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, munthu amene wadzutsidwa ndi uthenga wotsatsa malonda usiku sabweranso.

Zoti muchite Loweruka lino

Tulutsani malonda onse mu Excel, muwasanje potengera kasitomala. Phatikizani mayina obwerezabwereza pogwiritsa ntchito nambala ya foni, chifukwa dzina limasintha koma nambala kawirikawiri imakhala yomweyo. Pa aliyense onani zinthu zitatu: anagula liti komaliza, amabwera pakatha masiku angati, ndipo amatenga nthawi yaitali bwanji kuti alipire. Sukulu imene imaoda sopo teremu ikamayamba mu Seputembala muiimbire mu Ogasiti. Olipira msanga muwapatse mpata wa ngongole, ndipo wa pakauntala adziwe mayina awo.

Amene ankabwera mwezi uliwonse koma papita miyezi iwiri osaoneka, muwaimbire nokha mayi, osatuma mtsikana wa pakauntala, ndipo musayambe ndi mitengo. Afunseni chimene chinachitika. Bambo a ku Machinjiri aja ndinawaimbira nditapeza zonsezi. Anandiyankha mwaulemu, tinacheza bwino, koma simenti akugulabe kwina.