Sitima ikaima padoko: yankho kwa mayi amene ana awo akufuna kukanyamula ana a mikango

Mayi ena akwathu amene akukhala ku Johannesburg anditumizira imelo. Iwo ndi bambo akunyumba akhala akusunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo mu Januwale akwera sitima yapamadzi ndi ana awo awiri, kuchoka ku Durban, kuima ku Gqeberha ndi ku Cape Town, mpaka ku Walvis Bay m'dziko la Namibia. Akufunsa ngati n'kwabwino kugula maulendo okaona malo amene amagulitsidwa m'sitima momwemo, omwe ndi odula, kapena kupeza otsika mtengo akatsika padoko. Kumapeto awonjezera kuti anawo anaona pa Facebook malo amene munthu amanyamula mwana wa mkango n'kujambulitsa, ndiye akufuna kudziwa ngati nthawi ingakwane.

Amayi, za mitengo ndiyankha. Koma mawu anu omalizawo ndi amene andigwira mtima, ndipo ndiyambira pomwepo.

Ine ndinakulira kufupi ndi nkhalango ya Liwonde, masiku amene mpanda unali wongotchula dzina. Chimanga chikayamba kukhwima, abambo a m'mudzi sankagona m'nyumba. Ankakhala kumunda ndi moto, zitini ndi ng'oma, kudikira njovu. Agogo anga aamuna ankazidziwa njovuzo kuposa mmene ena amadziwira abale awo: ankatha kukuuzani kuti iyi yangodutsa, iyi yabwera kudzadya, iyi ili ndi mwana ndipo musayerekeze kuima pakati pawo. Ankakwiya nazo zikawononga, nthawi zina mpaka misozi, koma sindinawamvepo akuzinyoza. Kudooko nakonso kunali malamulo ake. Mwana sankatunga madzi malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa ng'ona imaphunzira nthawi ya munthu. Mvuu ikatuluka usiku kukadya msipu, njira yake yobwererera kumadzi inali yakeyake. Tinakula tikudziwa kuti chilombo chimaonedwa patali, ndipo chikakulola kuchiyandikira ndiye kuti pali chimene chalakwika.

N'chifukwa chake zimene ndinaona m'sitima ina zinandidwalitsa. Pa chakudya chamadzulo anatikhazika tebulo limodzi ndi banja lina labwino kwambiri, anthu aulemu, okonda ana awo. Tsiku limenelo sitima inaima padoko lina, iwo n'kupita kumalo amene woyendetsa takisi anawauza. Foni inayamba kuzungulira patebulo. Kamtsikana kawo kanyamula kamwana ka mkango kamene maso ake anali asanatseguke bwinobwino, kenaka mchimwene wake wakanyamula, kenaka bambo. Anandifotokozera mosangalala kuti kumeneko anawauza kuti tianato ndi tamasiye, ndipo tikakula tidzabwezedwa kutchire. Ndinafunsa kuti tinalipo tingati. Anati tambirimbiri, ndipo alendo amaima pamzere kudikira. Ndinafunsanso ngati anaonako mikango yaikazi yoyamwitsa. Anayang'anizana. Mayi uja anabweza foni m'chikwama, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sindinawadzudzule, chifukwa ananamizidwa, ndipo analipira ndalama zawo akuganiza kuti akuthandiza.

Zoona zake n'zakuti ku South Africa kuli mikango pafupifupi 8,000 yowetedwa m'makola, m'malo oposa 300, ndipo ndi yochuluka kuposa imene ili kutchire m'dzikomo. Ana amachotsedwa kwa amayi awo ali ndi masiku ochepa kuti azolowere manja a anthu, komanso kuti mayiyo atenge bere lina msanga. Akakula moti sanganyamulidwe, amawayika m'gulu loyenda ndi alendo. Akakulanso moti n'koopsa kuyenda nawo, ambiri amathera kwa alenje olipira ndalama kuti awombere nyama yotsekeredwa mumpanda, kapena mafupa awo amagulitsidwa ku Asia. Mkango wokulira m'manja mwa anthu sudziwa kusaka ndipo suopa munthu, choncho palibe paki yanzeru imene ingaulandire. Mu 2019 bungwe la makampani a zokopa alendo la SATSA linatulutsa malangizo oletsa kugwira ana a nyama zakutchire, kuyenda ndi zilombo zolusa kapena njovu, ndi kukwera pamsana pake. Mu 2021 nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, Barbara Creecy, inalengeza kuti boma likufuna kuthetsa ulimi wa mikangowu. Koma makola ambiri adakalipo, ndipo timapepala tawo tikugawidwabe.

Ndiye musapiteko, amayi. Sindikunena kuti muganizire kaye kapena mufufuze kuti malo ake ndi ati. Kulikonse kumene akuti mwana wanu agwira mkango, akwera njovu kapena asisita kambuku, kanani, ngakhale ulendowo utalembedwa m'kabuku kokongola ka m'sitima. Malo osamalira nyama zovulala enieni sabereketsa nyama ndipo salola alendo kuzigwira.

Anawo akhumudwa tsiku limodzi. Atengereni ku Addo.

Nkhalango ya Addo ili ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchokera padoko la Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Mbiri yake ndimaikonda chifukwa ndimaimva m'mafupa. Alimi a kumeneko ankalimbana ndi njovu, ndipo cha m'ma 1919 boma linalemba ganyu mlenje wina, Major Pretorius, amene anapha njovu zoposa 100 m'kanthawi kochepa. Pofika 1931, pamene malowa anakhazikitsidwa kukhala paki, zinatsala 11 zokha. Mu 1954 woyang'anira pakiyo, Graham Armstrong, anamanga mpanda wa njanji zakale ndi zingwe zachitsulo umene njovu zinalephera kuthyola, ndipo lero zilipo zoposa 600. Panalinso nthawi imene ankazithirira malalanje pamalo amodzi kuti alendo azizione mosavuta. Njovu zinasiya kuyenda, zinayamba kumenyana ndi kuvulazana polimbirana chakudyacho, mpaka mchitidwewo unaletsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Munthu akayamba kudyetsa nyama kuti alendo asangalale, mapeto ake amakhala omwewo kulikonse.

Chimene chimapangitsa Addo kukhala yoyenera anthu a pasitima ndi nthawi. Sitima zambiri zimakocheza m'mawa dzuwa litakwera, n'kunyamuka madzulo. Ndiye kuti mumafika kutchire kukutentha, pamene mikango yagona pansi pa zitsamba ndipo nyama zambiri zabisala. Wogulitsa ulendo amene akukulonjezani mkango, kambuku, njati, chipembere ndi njovu m'maola atatu a masana akukugulitsani chithunzi. Koma njovu zimamwa madzi kukatentha. Mu Januwale, padziwe lotchedwa Hapoor, zimabwera mabanja mabanja, ana akugudubuzika m'matope, akuluakulu ataima mozungulira. Uzani dalaivala azimitse galimoto pamenepo ndipo musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ndikukumbukira agogo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona njovu popanda mantha a chimanga. Ku Addo kulibenso malungo, chinthu chofunika mukakhala ndi ana.

Pena ndimamva chisoni kuti ana athu obadwira ku South Africa amayamba kuona njovu za eni asanaone zakwathu. Majete inali itatsala pang'ono kutheratu nyama pamene bungwe losamalira nkhalango la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003, koma mikango inabwezedwamo mu 2012. Liwonde yomwe ndinakulira ija inachulukitsa njovu mpaka mazanamazana zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Mukadzapita kumudzi, kwerani boti pa Shire madzulo, ndipo mudzaona mvuu ndi ng'ona zimene doko lililonse la ulendo wanuwu silingakuonetseni. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ku Cape Town wina adzakuuzani za anangumi a ku Hermanus. Anangumi amenewo amabwera kudzaswana kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, ndipo mu Januwale amakhala atapita kumadzi ozizira a kummwera. Ulendo wake ndi wautalinso. Pitani ku Boulders Beach, kufupi ndi Simon's Town, kumene kuli mbalame za penguin. Zinayamba kukhala pagombelo mu 1982, ndipo alendo amayenda pa timilatho tamatabwa, mbalamezo zili pansi pa mchenga wawo, osasokonezedwa. Mu 2024 mtundu umenewu unalembedwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa nsomba zimene zimadya zikuchepa m'nyanja. Auzeni anawo zimenezi akamaziona. Za phiri la Table Mountain, musalipiriretu kwa munthu amene sabweza ndalama, chifukwa m'chilimwe mphepo ya kummwera chakum'mawa ikawomba, ngolo zokwerera pamwamba zimaimitsidwa. Mphepo yomweyo imatha kuchedwetsa sitima kulowa padoko.

Za Walvis Bay

Kuno chinthu chokongola kwambiri n'chaulere. Dziwe lalikulu la m'mphepete mwa tauni limadzaza ndi mbalame za flamingo ndi mavuwo, ndipo takisi imakufikitsaniko m'mphindi zochepa. Maboti opita ku Pelican Point, kumene kuli nyama za m'madzi zotchedwa seal zikwizikwi, ndi abwino, koma ena amazikopa ndi nsomba kuti zikwere m'boti alendo azisisite. Funsani musanalipire ngati amadyetsa nyama. Akayankha monyadira kuti inde, yang'anani boti lina.

Ulendo wa ku Sandwich Harbour, kumene mapiri a mchenga amatsikira m'nyanja, ndi umene ndikuti mugule m'sitima ngakhale ukhale wodula. Magalimoto amadutsa pakampata kopapatiza pakati pa mchenga ndi mafunde, ndipo njirayo imatseguka madzi akaphwa okha. Galimoto ikatitimira kapena madzi akadzaza, palibe basi ina yoti mukwere.

Apa ndi pamene pagona kusiyana konse kwa mitengo. Amene anakwerapo Ilala pa nyanja yathu amadziwa kuti ikaliza lipenga pa Nkhata Bay, wotsalira kumsika adikira sabata ina. Sitima zikuluzikuluzi n'chimodzimodzi, kungoti zimasunga nthawi mpaka pa mphindi, ndipo doko lotsatira likhoza kukhala m'dziko lina. Basi ya ulendo wogulidwa m'sitima ikachedwa, sitimayo imadikira kapena kampani imakufikitsani padoko lotsatira. Mukachedwa pa ulendo wanuwanu, ndege, malo ogona ndi zonse zili pa inu. Ndalama yowonjezerayo mukugula chitetezo chimenechi, chifukwa kawirikawiri magalimoto ndi operekeza alendo amakhala a makampani a m'tauni momwemo.

Choncho pangani motere. Kumalo akutali, opitirira ola limodzi, kapena odalira mafunde ndi msewu umodzi, gulani m'sitima. Kumalo apafupi monga dziwe la flamingo, msika kapena V&A Waterfront, malo a masitolo pafupi ndi doko la Cape Town, pitani nokha. Addo ndi Boulders zili pakati: mungathe kupeza kampani yanu, bola muilembere masabata angapo musananyamuke, osati kugwirizana ndi munthu wokuimitsani pageti. Safunsa anadya phula, ndiye funsani kuti galimoto inyamula anthu angati, mukhala maola angati m'kati mwa paki osawerengera msewu, ndalama yolowera ili momwemo kapena ayi, ana aang'ono amaloledwa pagalimoto yotsegula kapena ayi, ndipo sitima ikalephera kukocheza adzakubwezerani ndalama zingati. Yankho lomalizali likhale lolembedwa.

Nthawi yoti aliyense akhale atakwera imakhala patsogolo pa nthawi yonyamuka, kawirikawiri ndi theka la ola. Inu konzani zofika padoko kutatsala maola awiri. Jambulani ndi foni kapepala ka ndondomeko ya tsikulo, chifukwa pamakhala nambala ya woimira sitimayo padokopo. Tengani madzi, zipewa, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi juzi ya aliyense, chifukwa panyanja ya Walvis Bay kumazizira m'mawa ngakhale mu Januwale. Ngati ndalama zikukwana ulendo umodzi wokha wolipira, ukhale wa ku Addo.