Webusaiti ya loji ndi yokongola koma pa Google sikuoneka

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti munalipira mnyamata wina kuti akukonzereni webusaiti ya loji yanu ku Senga Bay, ndipo inatuluka yokongola, mukangotsegula pamabwera kanema wa nyanja dzuwa likutuluka. Koma papita miyezi isanu, munthu akalemba "lodge Senga Bay" pa Google inu simukuoneka. Tsopano wina wakuuzani kuti vuto ndi kakonzedwe kake, muigwetse muyambirenso. Ndiye mukufuna kudziwa ngati maonekedwe a webusaiti amakhudzadi malo amene Google imakuikani.

Amakhudza ndithu, koma musatulutse kaye ndalama. Lero lomwe lowani pa Google, mulembe site: kenako adiresi ya webusaiti yanu, osasiya mpata pakati. Masamba anu akatuluka ndiye kuti Google ikukudziwani, kwangotsala mpikisano. Pakapanda kutuluka kanthu, nkhani ya mitundu ndi zithunzi iiwaleni kaye, chifukwa simunalowe n'komwe m'kaundula wawo. Ngati webusaitiyo inamangidwa ndi WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, ku Settings, pa Reading, kuli kabokosi kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Ife okonza timakachonga tikamamanga, kuti anthu asaone nyumba isanafoleredwe, ndiye nthawi zina timaiwala kukachotsa. Ine ndinaiwalapo pa webusaiti ya shopu ina ya zipangizo zomangira. Milungu itatu mwini wake akundiimbira, ine ndikumuyankha molimba mtima kuti dekhani bwana, Google imachedwa. Tsiku limene ndinakaona kabokosi kaja kali kochongedwa, manyazi ake sindidzawaiwala.

Tinene kuti pamenepo zili bwino. Chimene muyenera kugwira ndi chakuti amene amabwera kudzayendera webusaiti yanu kuchokera ku Google si munthu woti angagome ndi nyanja. Ndi kapulogalamu kotchedwa Googlebot, kamene ntchito yake n'kuwerenga mawu ndi kutsata ma link. Ndiponso kamabwera ngati foni, osati ngati kompyuta. Mu April 2015 Google inayamba kukweza masamba amene amaoneka bwino pa foni. Kuyambira 2018 inayamba kuweruza mawebusaiti potengera mmene alili pa foni, ndipo mu 2023 inalengeza kuti kusamukako kwatha. Ndikukhulupirira kuti inu anakuonetsani pa laputopu, muli khale pa Wi-Fi, zonse zili waliwali. Itseguleninso pa foni yotchipa ya mmodzi wa antchito anu, pa bandulo wamba, muone ngati ndi webusaiti yomweyo. Okonza ena akaona kuti mawu achuluka pa sikirini yaing'ono amangowachotsa pa foni n'kuwasiya pa kompyuta pokha. Chimene chachotsedwa pa foni, kwa Google ndiye kuti kulibe. Kuwapinda mawuwo kuti munthu adine kaye ndiye atambasuke, zimenezo palibe vuto, bola akhale alimo m'tsambalo.

Apa ndiye pamene ndikuganiza kuti pagona nkhani yanu, chifukwa ndi matenda athu ambiri kuno. Tinazolowera ma flyer. Timakonza kachithunzi pa Canva, mitengo ya zipinda, nambala ya foni, zakudya za Loweruka, zonse m'menemo, n'kuika pa status. Pa WhatsApp zimagwira ntchito bwino kwambiri. Vuto limabwera tikatenga flyer yomweyo n'kuiika pa webusaiti m'malo molemba mawu. Munthu amawerenga, koma kwa Googlebot pamenepo pali chithunzi chimodzi chotchedwa IMG_2041.jpg, basi. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani chala pa mawu akuti "Senga Bay" kapena pa mtengo wa chipinda, mukanikize ngati mukufuna kukopera. Akapanda kusankhika, amenewo si mawu, ndi chithunzi. Ndinaonapo webusaiti ina imene tsamba lake loyamba linali ndi mawu enieni awiri okha, "Welcome" ndi "Enter", zina zonse zithunzi. Tsono munthu akafufuza malo ogona, Google imuonetse tsamba limenelo pa chifukwa chanji? Zithunzi zenizeni za zipinda ndi gombe zisiyeni, ndi zimene zimakopa mlendo, koma chilichonse chikhale ndi dzina lomveka komanso kachiganizo kofotokoza zimene zili pamenepo, kamene timakatcha alt text. Kamathandizanso anthu osaona amene foni imawawerengera mokweza.

Chachiwiri chofanana nacho ndi webusaiti ya tsamba limodzi lalitali, lija umangotsetsereka nalo mpaka pansi. Zimaoneka zamakono, ndipo n'zosavuta kumanga. Koma Google imaika pa mndandanda tsamba lililonse palokha, malinga ndi funso limene tsambalo likuyankha. Wina akufuna chipinda cha banja pa Khrisimasi. Wina ndi wa ku ofesi ku Lilongwe, akufuna holo ya workshop ya anthu 40, ndipo nonse mukudziwa kuti ma workshop ndi amene amadyetsa malo ambiri ku Salima. Wina akungofuna kudziwa kuti akachoka pa M14 akhotere pati. Mafunso atatu amenewa akufuna masamba atatu, lililonse ndi mutu wakewake. Onaninso mawu amene amaoneka pamwamba penipeni pa browser mukatsegula tsamba lanu. Amenewo ndi amene kawirikawiri Google imawaonetsa ngati mutu wodina uja pa zotsatira. Mukapeza palembedwa "Home" pokha, mwataya malo abwino koposa pa webusaiti yonse. Palembedwe dzina la loji, kuti ndi loji, ndiponso kuti ili ku Senga Bay, Salima. Ntchito ya mphindi zisanu imeneyo.

Tsopano kanema uja. Ndikudziwa mumamukonda, koma ndi katundu wolemera amene mwamusenzetsa mlendo asanalowe n'komwe pakhomo. Kuyambira 2021 Google imawerengerako miyezo imene imaitcha Core Web Vitals. Panopa ilipo itatu. Woyamba umati chinthu chachikulu cha pa tsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5. Wachiwiri umati munthu akadina batani, tsamba liyankhe pasanathe mamilisekondi 200. Wachitatu ndi wa kudumphadumpha kwa tsamba, zija umati udine nambala ya foni, chithunzi n'kutulukira pamwamba, zonse n'kutsika, chala n'kugwera pena. Pamenepo amafuna nambala yosapitirira 0.1. Simufunika kuloweza zimenezi. Pali chida chaulere cha Google chotchedwa PageSpeed Insights, mumangoika adiresi ya webusaiti n'kuyang'ana mbali ya Mobile, chimakuuzani chimene chikulemera. Nthawi zambiri ndi zithunzi zimene zinaikidwa mmene zinachokera mu kamera, chimodzi 5 MB kapena 6 MB, pamene chikanachepetsedwa n'kusungidwa ngati WebP, mtundu wa fayilo yopepuka ya zithunzi, chikanakhala cha ma KB mazana awiri kapena atatu, diso osaona kusiyana. Ndikanakhala ine, pamwamba ndikanaika chithunzi chimodzi chabwino cha gombe, kanemayo n'kumutsitsira m'munsi kuti wofuna adine yekha. Zithunzi zosinthana zokha zija nazonso ndikanachotsa. Palibe amene amadikira chachinayi.

Koma ndisakunamizeni, liwiro si mfumu. Google yomwe imanena kuti tsamba limene likuyankha bwino funso likhoza kukhala pamwamba ngakhale litachedwerapo, liwiro limathandiza makamaka pamene masamba awiri akufanana mphamvu. Choncho wina asakudyereni ndalama kuti akufikitseni pa malikisi onse 100 pa PageSpeed. Chifukwa chenicheni chopeputsira tsamba ndi munthu uja ali mu minibasi, netiweki ikubwera n'kumapita, bandulo yatsala pang'ono. Akaona sikirini yoyera kwa nthawi, amabwerera n'kudina loji yoyandikana nanu.

Tina n'tating'ono, ndingodutsamo. Kabokosi kotulukira n'kuphimba tsamba lonse munthu atangofika, kopempha email kapena kolengeza promotion, Google inayamba kukalanga pa foni mu January 2017, kachotseni. Adiresi ya webusaiti yanu iyambe ndi https, chizindikiro chakuti ndi yotetezedwa. Google inanena mu 2014 kuti imawerengerako zimenezi pang'ono, ndipo kuyambira July 2018 Chrome imalemba "Not secure" pa masamba opanda chitetezochi, zimene zimaopseza mlendo wofuna kulipira deposit. Satifiketi yake imapezeka yaulere kudzera ku Let's Encrypt, ndipo ma hosting ambiri, makampani osunga mawebusaiti, amaiika okha. Wina akakuuzani kuti mumulipire kuti aike "meta keywords", mawu ofufuzira obisika m'tsamba, mumuuze kuti Google inanena kale mu 2009 kuti siiziwerengera.

Palinso china chimene si cha kakonzedwe n'komwe, koma mwina ndi chimene chikukupwetekani mtima. Mukalemba "lodge Senga Bay", pamwamba pamakonda kubwera mapu ndi malo angapo, kenako Booking.com ndi Tripadvisor. Akuluakulu amenewo kuwapitirira n'kovuta, ngakhale webusaiti itakonzedwa bwino chotani. Koma pa mapu paja mukhoza kulowapo, ndipo khomo lake ndi Google Business Profile, yaulere. Muikepo dzina, nambala, malo enieni pa mapu, zithunzi, ndi link ya webusaiti yanu. Dzina ndi nambala zifanane ndendende ndi zimene zili pa webusaiti ndi pa Facebook. Alendo akamanyamuka atasangalala ndi chambo, apempheni alembepo ndemanga. Kwa bizinesi ya pamalo amodzi ngati yanu, zimenezi kawirikawiri zimabweretsa mafoni msanga kuposa kusintha maonekedwe a webusaiti.

Za kugwetsa n'kuyambiranso, ine ndingati ayi, pokhapokha mutapeza kuti webusaitiyo siilola kuwonjezera masamba kapena kusintha mitu. Zambiri ndatchulazi mnyamata yemwe uja akhoza kuzikonza masiku awiri kapena atatu. Mukasankhabe kumanganso, muwauze kuti adiresi ya tsamba lililonse lakale ilozedwe ku latsopano ndi 301 redirect, apo ayi kambiri kochepa kamene mwapeza m'miyezi isanuyi katayika. Muwauzenso akutsegulireni Google Search Console pa email yanu, osati yawo. Mmenemo mumaona mawu amene anthu akulemba mpaka kukupezani, ndi masamba amene Google yakana kuwalemba m'kaundula pamodzi ndi chifukwa chake. Zosintha zikachitika musayembekezere kuona kusiyana mawa lake, zimatenga milungu ingapo.

Mukayesa za site: zija, jambulani sikirini muike pansi apa pamodzi ndi zotsatira za PageSpeed za Mobile. Ndiziona madzulo ndikaweruka, ndikuuzeni choyambira.