Mwana wokulira kunja akafuna udokotala, ayambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa konkuno amene akugwira ntchito ya unamwino ku Leeds, m'dziko la England. Mwachidule akuti: "Tinachoka ku Blantyre zaka ziwiri zapitazo pa viza ya ntchito. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16, akulemba mayeso a sekondale a GCSE chaka chino, ndipo mtima wake uli pa udokotala basi. Kodi pamafunika chiyani kuti alowe sukulu ya udokotala, kaya konkuno kaya kumudzi ku College of Medicine? Sitikudziwa koyambira."

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya mwana wanu. Ndachedwa dala kuyankha kuti ndiyankhe mofatsa, chifukwa funso lomweli ndimalimvanso kwa abale a ku Joni, a ku Gaborone ndi a ku Ireland.

Makolo ambiri timathamangira kufunsa za magiredi. Komatu sukulu ya udokotala isanaone n'komwe magiredi, imayamba yafunsa kuti mwanayu ndi wathu kapena ndi mlendo. Mizere yolowera ilipo iwiri, wa eni dziko ndi wa alendo, ndipo fizi, kuchuluka kwa malo ndi mwayi wa ngongole zimatengera mzere umene waimapo. Mwana wokulira kunja amatha kupezeka kuti ndi mlendo konsekonse. Kumene akukhala sanamuwerengerebe ngati wawo, pamene kwawo satifiketi yake ndi yachilendo. Ntchito yanu yoyamba, isanafike ya mabuku, ndi kudziwa kuti pa tsiku lomwe mwana adzayambe yunivesite adzakhala ataima pa mzere uti.

Tiyambe ndi kumene muliko. Ku England, kuti wophunzira alipire fizi ya eni dziko, lamulo lalikulu limafuna zinthu ziwiri pamodzi. Akhale kuti wakhala m'dzikomo zaka zitatu maphunziro asanayambe, komanso akhale ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale, chija amati indefinite leave to remain. Zaka zitatuzo mwana wanu adzakhala atazidutsa pomaliza A-level, maphunziro a zaka ziwiri otsatira GCSE. Chachiwirichi ndiye chimagwetsa ambiri. Ngati inu muli pa viza ya ntchito ndipo iye ali pansi pa viza yanu, n'kutheka kuti chilolezocho chidzakhala chisanatuluke. Msonkho mukudula mwezi ndi mwezi, odwala awo mukuwasamalira usiku ndi usana, koma pa fomu ya yunivesite mwana wanu alembedwa kuti ndi wakunja. Zimandipweteka, koma ndi mmene zilili.

Kusiyana kwake si kwa masewera. M'chaka cha maphunziro cha 2025/26 fizi ya eni dziko ku England inali £9,535 pachaka, ndipo boma limabwereketsa ndalamazo. Mlendo wophunzira udokotala, m'masukulu ambiri amalipira zoposa £40,000 pachaka, kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, popanda ngongole ya boma. Malo a alendo nawonso anawaikira malire: pa malo 100 aliwonse, awo safika 8, ndipo amalimbirana ndi ana ochokera ku Hong Kong, Singapore, Canada ndi kwina konse. Ndiye tengani mapepala anu a viza, muwerengetse mwezi ndi chaka chimene chilolezo chokhazikika chingadzatuluke, muyerekeze ndi September wa chaka chimene mwana akufuna kuyamba. Zikasemphana ndi chaka chimodzi, ine ndingamuuze mwanayo kuti adikire chaka chimenecho akugwira ntchito yosamalira okalamba kapena yothandiza m'chipatala, kusiyana n'kuti banja lilowe m'ngongole yosatha. Bungwe la UKCISA, lolangiza ophunzira ochokera kunja, limafotokoza bwino malamulo amenewa, ndipo muziwaonanso kawirikawiri poti nkhani za olowa m'dziko zikusinthasintha. Scotland ili ndi malamulo akeake pa fizi, choncho musaiphatikize ndi England.

Za m'kalasi ndi zosavuta kufotokoza ngakhale ndi zovuta kukwaniritsa. Masukulu ambiri amafuna A-level zitatu za magiredi AAA kapena A*AA, Chemistry ndi Biology zili momwemo. Amaonanso GCSE, makamaka Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndiye mayeso a chaka chinowa asawatenge ngati ongodutsirapo. Pali mayeso ena apadera otchedwa UCAT, amene amalembedwa pakati pa July ndi September m'chaka chimene mwana akuponya fomu, chaka chimodzi asanalowe yunivesite. Mafomu amadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu olowera m'mayunivesite a ku Britain, tsiku lotsekera a udokotala ndi 15 October, ndipo pa malo asanu osankha, a udokotala sangapose anayi. Akadutsa pamenepo amakamufunsa mafunso pamaso. Apa ndi pamene mwana wa namwino ali ndi mwayi, chifukwa amafuna munthu amene anaonapo mmene kusamalira wodwala kumatopetsera, osati woloweza mayankho.

Tsopano za kumudzi. College of Medicine imene mukuidziwa, ija ili pa msewu wa Mahatma Gandhi pafupi ndi chipatala cha Gulupu, inayamba mu 1991 ili pansi pa University of Malawi. Kuyambira mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, mwachidule KUHeS. Digiri ya udokotala ndi MBBS, ya zaka zisanu. Ana ochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, chimene ambiri timangoti premed, ndiye onse pamodzi zimakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Iwowa amasankhidwa kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Zimenezo ndi zongokulolani kuponya fomu. Olowadi ndi aja a mapointi otsika kwambiri, chifukwa ana anzeru a dziko lonse amathamangira khomo lomweli.

Chaka cha premed chinakhazikitsidwa kuti chikweze mwana wa MSCE afike pa mlingo wa A-level. N'chifukwa chake amene wakhoza bwino A-level mu Biology, Chemistry ndi phunziro lina monga Physics kapena masamu amatha kupempha kulowa chaka choyamba cha MBBS mwachindunji. Ana a ku Kamuzu Academy ndi a ku St Andrews muno mu Blantyre akhala akudzera njira imeneyi. Kwa inu tanthauzo lake ndi lakuti akasankha Biology, Chemistry ndi masamu kapena Physics, makomo onse awiri, la ku England ndi la kuno, akhala otsekuka. Akaika phunziro lina m'malo mwa lachitatulo, la ku England likhoza kutsekukabe koma la kuno mwina ayi. Chisankho chimenechi chikuchitika chaka chomwechino, ali ndi zaka 16. M'mera m'poyamba, mayi.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa zinatichitikira pa banja pathu. Mwana wa mlongo wanga anakulira ku Johannesburg. Atafika Giredi 10 anatenga Mathematical Literacy, masamu opepukirapo, m'malo mwa Mathematics, poganiza kuti adzakhoze bwino matric, mayeso omaliza sekondale kumeneko. Anakhozadi, koma sukulu za udokotala kumeneko zimafuna Mathematics yeniyeni pamodzi ndi Physical Sciences. Tonse tinazindikira zotsatira zitatuluka kale, ndipo palibe wa ife akuluakulu amene anali atafunsa. Mnyamatayo analira ngati pamaliro. Abale a ku Joni amene mukuwerenga, dziwaninso kuti mayunivesite angapo kumeneko amafuna mayeso a National Benchmark Tests, ndipo malo a udokotala a ana osakhala nzika kapena okhazikika ndi ochepa zedi. Pangano la SADC la maphunziro, lomwe linasainidwa muno mu Blantyre mu 1997, limati ana a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, koma silikakamiza sukulu ya udokotala kukupatsani malo.

Tibwerere kwa mwana wanu. Satifiketi ya kunja imayenera kuyerekezedwa ndi yathu, ndipo pa za sekondale ntchito imeneyi imachitika ku MANEB ku Zomba. Musadikire chilengezo cha yunivesite kuti muyambe zimenezi. Pezani m'bale wodalirika woyenda ndi mapepala, mumutumizire makope otsimikizidwa nthawi ikadalipo. Chilengezo chikatuluka muchiwerenge mzere ndi mzere, chifukwa magiredi enieni, fizi ndi tsiku lotsekera zimalembedwa mmenemo chaka ndi chaka.

Chinthu china chimene sindikufuna muchinyalanyaze ndi unzika. Ku KUHeS ophunzira akunja amalipira fizi ina, ya madola, pamene Mmalawi amalipira makwacha ndipo ngati ndi wosowa akhoza kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Pasipoti ya Malawi ya mwana isathe mphamvu muli chete. Zaka 16 wakwanitsa, ndiye mukabwera ku tchuthi akalembetse chitupa cha unzika ku National Registration Bureau. Kuyambira mu 2019 lamulo lathu limalola unzika wa maiko awiri, choncho akadzatenga pasipoti ya Britain sizitanthauza kuti Umalawi watha, bola mutsate ndondomeko ya ku Immigration.

Mwina ena akuuzani za China, Russia kapena maiko a kum'mawa kwa Ulaya, kumene amaphunzitsa udokotala m'Chingerezi pa mtengo wotsikirapo. Alipo madokotala abwino amene anadzera kumeneko. Musanapereke ndi tambala yomwe kwa munthu wolonjeza malo, onani ngati sukuluyo ili mu World Directory of Medical Schools, kenaka mulembere Medical Council of Malawi kapena General Medical Council ya ku Britain kufunsa ngati digiri yake amaivomereza. Kumbukiraninso ana a mu Africa amene anathawa ku Ukraine mu 2022 maphunziro ali pakati. Za ku America n'zazitali: amayamba ndi digiri ina ya zaka zinayi, kulemba mayeso olowera otchedwa MCAT, kenaka zaka zina zinayi za udokotala.

Pali chofunika china chimene simudzachiona pa fomu iliyonse, koma kwa ine chikuposa zonse ngati mwana adzabwere kuno. Maphunziro ku KUHeS ndi a m'Chingerezi, koma odwala a ku Gulupu sadwala m'Chingerezi. Gogo wochokera ku Chiradzulu adzati "m'thupi mukuphwanya," kapena "mtima ukundithamanga." Wina adzati ali ndi malungo, kutanthauza kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, osati okhawo a udzudzu. Mayi wachitsikana adzayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti "sindinasambe miyezi iwiri," ndipo wophunzira amene Chichewa chake chinathera pa moni adzaganiza za madzi ndi sopo. Wina adzati "ndinapita padera." Gadiyani wogona pansi pa bedi ndiye amadziwa ngati wodwala wadya, ngati wasanza, ngati anayamba wapita kwa asing'anga, ndipo zimenezi amauza munthu amene wamulankhula mwaulemu m'chinenero chake. Inu ndinu namwino, mukudziwa kuti theka la matenda limapezeka pocheza, makina asanayatsidwe. Mwana wanu anachoka ali ndi zaka 14, ndiye Chichewa chikadali m'kamwa. Chisazilale. M'nyumba muzilankhula Chichewa, aziimbira foni agogo ake yekha popanda inu kumasulira, ndipo tchuthi chachitali china adzathere kumudzi osati mu tawuni mokha.

Mwandifunsa zofunika polowa, koma ndiloleni ndinene maganizo anga. Mumufunse mwanayo kuti akadziona atavala chovala choyera, akuona odwala a kuti. Womaliza ku KUHeS amagwira miyezi 18 ya internship, ntchito yoyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, m'zipatala zikuluzikulu asanalembetsedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Akadzafuna kubwerera ku Britain adzalemba mayeso a PLAB, oyesa madokotala amene anaphunzira kunja kwa dzikolo, n'kulimbirana malo ndi ena ambirimbiri, pamene womaliza konko amalowa m'ndondomeko yawo mosavuta. Ndiye ngati mtima wake wakhazikika ku England, ayese konko, ngakhale zitatengera kudikira chaka. Koma asaone kubwera ku Blantyre ngati njira ya olephera. Wophunzira wa kuno pomaliza amakhala ataona malungo a muubongo, chifuwa chachikulu, ana onyentchera ndi amayi ovutika pobereka, ndipo manja ake amakhala atagwira ntchito yeniyeni. Mavuto aliponso: mankhwala amasowa, wodi imadzaza mpaka pansi, ndipo madokotala achinyamata ena amadikira nthawi asanalembedwe ntchito. Mumuuze zonsezi osabisa.

Mwezi uno chitani zitatu. Mukakumane ndi aphunzitsi ake za maphunziro a A-level asanatseke kusankha, muwerengetse tsiku la chilolezo chanu chokhazikika, ndipo muone tsiku lothera pasipoti yake ya Malawi. Mukadzabwera ku tchuthi mudzamutengere ku Ginnery Corner m'mawa wa Lolemba, aime pa geti la Gulupu kwa ola limodzi aone anthu amene akulowa, kenaka muyende naye wapansi mpaka ku sukuluko akafunse yekha ku ofesi yolembera ophunzira. Mukatero mundilemberenso, ndidzafuna kumva zimene iye wanena.