Ku Joni pa ndege: maola ake ndi katundu wake

Achemwali, mwafunsa kuti kuchoka ku Lilongwe kupita ku Joni pa ndege ndi mtunda wautali bwanji, zimatenga nthawi yotani, komanso ngati munthu wa geni angapindule nazo.

Kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pabwalo la O.R. Tambo ku Joni ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege ikapanda kuima pena imatenga maola awiri ndi theka, mwinanso osakwana. Wokwerera pa Chileka zimamufupikirako, makilomita ngati 1,350, maola awiri ndi mphindi zochepa. Nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi, wotchi simusintha. Koma tikiti muiwerenge bwino, chifukwa ndege zina zimanyamuka ku Lilongwe n'kukatera kaye pa Chileka kutenga anthu, apo ola lathunthu lapita. Pabwalo mufunika kufika kudakali maola awiri kapena atatu, ndipo uko mukatera mzere wodinditsa pasipoti ukudikira. Tsiku loyendalo musalikonzere zooda, mashopu a ku Dragon City ndi China Mall mukawapeze mawa lake m'mamawa.

Pa basi mukudziwa kale: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Mabodala atatu, tsiku ndi theka panjira, pa Beitbridge pakavuta masiku awiri, kufika pa Park Station miyendo itatupa.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: ndege imanyamula inuyo, katundu wa geni ayi. Matikiti ambiri chikwama chimodzi sichipyola makilo 23, ndipo kuti zikwamazo zikhala zingati zimatengera kampani ndi mtundu wa tikiti, ndiye funsani musanalipire. Makilo opyolera amalipiritsa mowawa, phindu lonse likhoza kuthera pa sikelo pomwepo. Zimandimvetsa chisoni kuona mayi mnzanga atagwada pansi pabwalo, chikwama chili yasa, akutulutsa majini n'kuvala majekete awiri kuti kilo itsike, anthu akumulambalala. N'chifukwa chake m'chikwama mumalowa zopepuka koma zamtengo: mawigi, mapefyumu, mafoni, zovala za oda ya ukwati zimene mwini wake akuzifuna Loweruka. Mapefyumu aikeni m'chikwama chopita pansi, kumalo a katundu m'ndege, mutawakulunga m'zovala, koma ma power bank akhale m'chikwama cha m'manja, pansi saloledwa.

Mabulangeti, mapoto, makatoni a nsapato, mafiriji, zonsezo zimabwera pamsewu ndi atransipota. Pa belo lililonse lembani dzina ndi nambala ya foni mbali ziwiri ndi cholembera chosafufutika, jambulani asanakweze, ndipo musachoke opanda risiti. Inu mumafika kunyumba tsiku lomwelo n'kutsegula shopu, katundu akutsatira m'mbuyo. Phindu la ndege lagona pamenepo, pa masiku amene shopu ikanakhala yotseka. Ngati mpamba ukadali wochepa, yambani ndi basi, ndalama ya tikitiyo ilowe mu katundu.

Malisiti a zonse mwagula asungeni pafupi, a MRA ali pa Kamuzu ndi pa Chileka monga alili pa Mwanza. Pasipoti yathu amatidindira masiku 30 ku South Africa, musapyoze. Ndipo musananyamuke gulani kasikelo ka m'manja, muzikayeza zikwama kuchipinda komwe mwagona musanaitane takisi.